Kabati Imene Inathamangitsa Mng'ono Wanu

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ife kuno ku Senga Bay tilipo, tikupuma, koma ine mutu wanga ndiye wazungulira mokwana. Nkhani yake ndi ya mng'ono wanu. Amayi aang'ono aNabanda anamanga katundu wawo n'kubwerera ku Khombedza, ati chifukwa cha kabati. Kabati, Amayi! Matabwa, zitseko ziwiri ndi kaloko kamodzi. Munthu yekhayo wotsala padziko pano amene akandiitana kuseri kwa nyumba ndimatembenuka kuyesa ndinu, ameneyo n'kundithawa chifukwa cha matabwa. Ndikufotokozerani zonse, koma ndiyambe ndi zabwino, paja inu munkadana ndi mlendo woyamba madandaulo asanapatsidwe mpando n'komwe.

Mimba munandisiya nayo ija ndi mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, ndipo watengera ndi liuma lomwe. Akukwawa tsopano, chilichonse chimene wagwira n'cholowa m'kamwa, mchenga ndiye ndiwo zake. Tadala watalika, wafika paphewa panga, ndipo wayamba kuyankha ndikamamukalipira. Achimwene anakolola mpunga wabwino kudambo kuja, ngakhale mvuu zinawadyera chigawo cha kumunsi, ndipo mpaka lero akuzitukwana ngati zimamva. Denga la kukhitchini lomwe munkadandaula nalo lija tinakonza. Mtengo wanu wa mango unabereka mpaka nthambi ina kuthyoka. Ife sitinadye kwenikweni, anadya ndi anthu odutsa, ndipo amene ankawathyolera mukumudziwa kale.

Ntchito ya kuhotela ija ndinasiya mwana atabadwa. Mkamwini wanu, bambo a Tadala, akuphikabe komweko. Ine ndinaona kuti m'mbali mwa nyanja muno muli timaloji ting'onoting'ono topanda pochapira, ndiye ndinakalankhula ndi eni ake a loji ina, mayi ena ake olankhula pang'ono koma a maso akuthwa. Anandipatsa ntchito. Mabedishiti, mathawulo ndi nsalu za patebulo zimabwera pakabaza zili zakuda, zimabwerera zoyera, zositidwa. Tinamanga kachipinda kochapira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi, kosungiramo mabeseni, sopo, mankhwala oyeretsera ndi nsalu zosita kale.

Kunena chilungamo, ntchito imeneyi ikanandigonjetsa pakanapanda amayi aang'ono. Anabwera pamaliro anu, anakhalira kudikira kuti ndichire, kenako tonse tinangoiwala zoti ali ndi kwawo. Nanga kwawoko kuli ndani? Ana awo onse ali ku Joni, amangoimba foni pa Khirisimasi. Simbi ya makala ija m'manja mwawo imamvera. Amasita mpaka m'mipendero, ati mphutsi zimabisala mmenemo, ndipo mlendo wa ku loji akadzatuluka chithupsa pamsana odzatchuka ndife. Mwana akalira, amasita ndi dzanja limodzi, linalo likumusisita kumbuyo.

Kachipindako katatha, panabuka mkangano wa poika zinthu. Mkamwini wanu ankafuna kabati ya zitseko, ngati za kuhotela kwawo. "Chinthu chotseka chimaoneka chaulemu," ankatero, "fumbi sililowa, ndipo mwana sangamwe mankhwala." Ine ndinkafuna mashelefu apoyera, matabwa okhomera kukhoma basi. Ndinkakumbuka inuyo mukutulutsa zovala zonse m'sutikesi mvula ikangokata, mukuti nsalu imapuma ngati munthu, ukaitsekera imadwala. Komanso pa shelefu umangoponya diso n'kudziwa kuti sopo watsala pang'ono, mathawulo a loji ali apa, a pabanja ali apo, osachita kulimbana ndi zitseko manja ali thovu lokhalokha. Za mankhwala ndinati tiziika pamwamba pomwe mwana sangafike. Tinakangana mpaka ndiwo kupserera pamoto, ndipo ndinapambana ine, monga mwa masiku onse. Kalipentala anabwera, anakhoma matabwa ake n'kupita.

Walira mvula walira matope, Amayi. Mwera utayamba, mchenga unkalowa pazenera n'kugona pa nsalu zosita. Zimenezo ndinkapirira, kungokung'untha n'kupinda kachiwiri. Chimene sindinachiganizire n'chakuti shelefu ilibe chinsinsi. Inu mukudziwa mmene timakhalira. Munthu akabwera kudzapempha sopo, chinthucho chili chobisika, umatha kunena kuti aa, pepani anzanga, watithera dzulo. Iye amadziwa kuti ukunama, iwe umadziwa kuti wadziwa, n'kusiyana mwaulemu. Koma mitanda ya sopo itandandalika pakhoma ngati mugolosale, ungati chiyani? Chitseko cha kachipindako chinayang'ananso kunjira ya kumjigo. Aliyense wopita kukatunga madzi ankayamba wapatsa moni mashelefu anga asanandipatse ine.

Ndiye pakati pa sopoyo ndi anthuwo muikepo mng'ono wanu. Iii! Munthu asanamalize odi, mpeni uli kale pa mtanda. Uyu kachidutswa, uyu sopo waufa m'kapepala, uyu wabwereka beseni, uyu watenga simbi ikadali ndi makala athu omwe. Ndikadandaula ankandiyang'ana ndi maso anu aja n'kunena kuti, "Enelesi, kupatsa n'kuika." Ine ndinkati, "Amayi, inu mukupatsa, koma wogula ndine!" Iwo n'kungoseka, n'kuuzira makala m'simbi. Mwambi umenewo anaumva kwa inu, ndikudziwa, koma inu munkapatsa zanu, za kumunda kwanu. Ine sopo ameneyu ndiye khasu langa, ndipo palibe mlimi amene amadulira anthu khasu lake tizidutswa.

Komabe za sopozo zinali zazing'ono. Tamverani zimene zinachitika.

Mukuwakumbuka Abiti Juma, agogo ogulitsa usipa aja a kuseri kwa mzikiti, amene munkakonda kukangana nawo za basera? Anatisiya nawonso, mwina mwaonana kale. Anamwalira m'mawa, ine nditapita ku boma kukapikula sopo. Paja anzathu Achisilamu sagoneka maliro, amaika tsiku lomwelo. Pakhomo paja panalibe kanthu. Sanda, nsalu yoyera yokulungira thupi ija, inali isanapezeke, ndipo dzuwa linali likukwera. Mwana wawo wamkazi anafika kwathu akulira. Sanapemphe kanthu, anangobwera kudzanena za malirowo. Pa shelefu panali mabedishiti a loji, atsopano, oyera mbee, ositidwa, opindidwa bwino. Amayi aang'ono anatambasula dzanja, anatenga awiri, n'kumuika mayiyo m'manja.

Ine pobwera ku boma ndinapita kukakhuza maliro ngati wina aliyense, osadziwa kanthu. Ndinamvanso azimayi akuyamikira kuti gogoyo wapita mwaulemu, sanda yake yosalala ngati ya munthu wolemera, ine n'kumavomereza ndi mutu, n'kumati eetu, Mulungu sataya wake. Mawa lake ndikulongedza katundu wa loji, ndikuona awiri palibe. Ndinafunafuna pachingwe, m'mabeseni, mpaka pansi pa bedi la Tadala.

"Amayi, mabedishiti awiri atsopano aja mwawaona?"

"Apita ndi Abiti Juma."

"Apita nawo kuti?"

"Iwe, munthu womwalira amapita kuti?"

Amayi, ndinangokhala pansi pasimenti. Chobwereka umakachilondola, chobedwa umakanena kupolisi. Nanga ichi? Ndikagogode kumanda? Ndinalankhula, ndipo sindikubisirani, ndinalankhula mokweza mpaka nkhuku kubalalika. Ndinati zinthu za eni ake, ndinati mundichotsetsa ntchito, ndinati kodi ana angawa adzadya madalitso? Iwo anangoti, "Anali maliro, mwanawe," n'kuweramira pa simbi yawo. Kudekha kwawoko n'kumene kunandipsetsa mtima koposa.

Kukafotokoza ku loji ndiye kunali kukwera phiri. Mayi aja atandifunsa, ndinaganiza zonama kuti apsa ndi simbi, koma akanati bweretsani opsawo tiwaone. Ndinangoti, "Bwana, ali kumanda." Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwina ankayesa ndazungulira mutu. Nditafotokoza anapukusa mutu, anati pepani ndi malirowo, koma iwo sakuyendetsa bungwe la maliro, ndikagule ena ofanana, ndipo zikadzachitikanso ntchito adzapatsa wina. Ndikutuluka anandiitananso n'kunena kuti, "Mayi, gulani loko."

Mkamwini wanu sananene kuti paja ndinakuuza. Bola akananena. Anangoyamba kuimba likhweru n'kupita kukaitana kalipentala uja. Anawatchinga mashelefu anga m'mbali, anaika zitseko ziwiri, anapaka vanishi, chinthu n'kuoneka ngati cha muofesi ya boma. Loko ndinagula ndekha, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje.

Amayi aang'ono anaonerera ntchito yonseyo atakhala pamkeka, mwana ali pamiyendo. Loko atangolira kuti tcha, anadzutsa mutu.

"Enelesi, wakuba wake ndani m'nyumba muno?"

"Palibe wakuba, Amayi. N'chifukwa cha mchenga."

"Mchenga umaopa loko?"

Ndinangotembenuka n'kukayang'ana mphika pamoto.

Masiku oyamba ndinasangalala, ndisaname. Sopo anayamba kukhalitsa. Nsalu zinkatuluka m'kabati zopanda ndi kamchenga komwe. Anthu opita kumjigo anayamba kudutsa molunjika, moni wake wapatali, wokweza dzanja. Kenako Tadala anabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa kuti, "Amama, aNaloko ndi ndani? Ati ine ndine mwana wa aNaloko." Onani, Amayi, ine mwana wanu, wobadwa ndi mfunda wanga wabwinobwino, azimayi a kumjigo andipatsa wina! Ndinati asiyeni, pakamwa ndi pawo, ntchito ndi yanga.

Ndiye mvula inayamba, ndipo kabati ija inaonetsa khalidwe lake. Zitseko zinafufuma, osatsekeka popanda kukankha ndi bondo. Mathawulo anayamba kununkha chinyontho, ena anachita chuku, timadontho takuda tosachoka ngakhale uviike m'mankhwala. Mphemvu ndiye zinapeza nyumba yopanda lendi, zinkaberekana m'makona momwe diso silifika. Ndinkachita kutsegula zitseko masana onse kuti mupite mphepo, ine n'kukhala pompo kulondera. Tsono kabati yoti uzilondera itatsegula ntchito yake n'chiyani? Mawu anu a nsalu yodwala aja ankandilira m'khutu, ndipo ndinkakwiya nanu inu omwe chifukwa cholondola.

Amayi aang'ono sananenepo kanthu za chukucho. Akafuna kusita ankangoima pafupi ndi kabati, manja kumbuyo, kudikira kuti ndimasule kiyi. Osapempha, kungoima. Ndinkawauza kuti Amayi, mungonena, iwo n'kuti, "Ayi, bwana, ndikudikira." Bwana! Ine amene anandibereka kumbuyo kwawo popita kuchigayo.

Tsiku lina ndinapita kukapereka katundu ku loji, mvula n'kunditsekereza komweko, kiyi ali pachitenje panga. Kuno mwana anatsegula m'mimba, matewera onse anada. Sopo yense ali m'kabati. Mng'ono wanu, munthu amene wachapitsa mudzi wonsewu, anabereka mwana n'kuyenda khomo ndi khomo kupempha kachidutswa ka sopo. Sanavutike, anthu anawapatsa ndi manja awiri. Koma wina anawafunsa kuti, "Kodi aNaloko akukiyirani ndi inu omwe?"

Nditafika ndinapeza matewera atayanikidwa pakhonde, mwana atagona, chikwama chawo chili pakhomo. Sanakalipe. Anati, "Mkulu wanga sanandikiyirepo ngakhale mchere. Ndakalamba, sindingayambe lero kupempha kiyi kwa mwana amene ndinamuchapira matewera." Ndinati dikirani bambo a Tadala abwere tikambirane. Ndinati chabwino, ndikudulitsirani kiyi wanuwanu. Anati kiyi ndi wa alonda, iwo sanabwere kudzalondera. Anamupsompsona mwana ali m'tulo, anaitana kabaza, ulendo wa kusiteji.

Ndinapsa mtima, Amayi, ndipo ndinalumbira kuti sindiwatsatira. Ndinalakwa chiyani? Kuteteza za eni ake ndi mlandu? Inu nomwe munkati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Ndinkalankhula ndekha pochapa, ndikuweruza mlandu wonsewo, ndipo nthawi zonse ndinkapambana. Koma nyumba inangoti zii. Mwana ankakwawira pamkeka wawo uja, n'kukhala, n'kumayang'ana kuchitseko. Phala ankalavula. Ine kusita kunandikanika, nsalu ina ya patebulo ndinaipsereza pakati penipeni. Sopo anali wodzaza m'kabati, wondiseka ndikakwiya panalibe. Ndinawasowa, ndipo ndinazindikira kuti maliro anu ndinali ndisanawalire mokwana, chifukwa iwo anali atanditchinga. Atachoka m'pamene munamwalira zenizeni.

Mkamwini wanu anandipeza m'mawa wina ndikulira pa beseni, ndikunamizira sopo kuti walowa m'maso. Anati, "Mayi a Tadala, pitani mukawatenge amayi. Kabatiyi ndinaifuna ndine, koma sindinati itidyere munthu."

Ndinabereka mwana, ndinakwera minibasi mpaka ku boma, ina mpaka pa Khombedza. Ndinawapeza akupalira kamunda ka chimanga kuseri kwa nyumba yawo. Nyumba yake, Amayi, denga likudontha, pakati pa chipinda pali ndowa yolandirira madzi. Anaponya khasu, anandilanda mwana kumbuyo, ine moni wanga unabwera pambuyo, wozizira. Tinakhala pakhonde. Ndinali nditakonza mawu anga m'minibasi monse, ndiye ndinawakhuthula: za ntchito, za mayi a ku loji, za ana, zoti cha mwini n'cha mwini. Iwo ankangoseweretsa mwana.

"Wamaliza?"

"Ndamaliza."

"Tsiku lija unandifunsa kuti mabedishiti ali kuti. Sunandifunse kuti chifukwa chiyani."

"Chabwino, Amayi, chifukwa chiyani?"

Anayang'ana kumunda, kenako anayamba. "Amako atatsirizika kuchipatala kuja, iwe unali kunyumba ndi mimba yako, miyendo itatupa. Ndinali ndekha. Zitenje zonse zimene tinapita nazo zinali m'beseni, zonyowa, paja masiku omaliza aja ndinkangokhalira kuchapa. Yafika nthawi yoti tiwaperekeze kunyumba yachisoni, ine ndilibe chowafunditsa, bulangete n'la chipatala. Abiti Juma anali atabwera kudzawazonda ndi kaphala m'botolo. Sanafunse munthu. Anavula chitenje chawo chapamwamba, chatsopano, chimene anagulira chikondwerero cha Idi, n'kuwafunditsa amako kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Iwo anakwera minibasi ndi chamkati chong'ambika."

"Chobiriwira chija?"

"Chomwecho. Titasambitsa thupi ndinati ndichape ndiwabwezere. Anakana, anati chapeza mwini wake. Tinachiyala m'bokosi."

Amayi, chitenje chimenecho ndikuchikumbuka. Ndinachiona pansi pa mutu wanu pamene tinkakutsanzikani, ndinkayesa n'cha amayi aang'ono. Ndiye kuti inu kumeneko mwagonera chitenje cha Abiti Juma, iwo afunda mabedishiti a loji, ndipo wosadziwa kanthu pa nkhani yonseyi ndinali ine ndekha ndi loko wanga. Ndinalira pakhonde paja mpaka mwana naye anayamba kulira.

Nditapukuta misozi mkwiyo unabweranso, paja ndine mwana wanu. Ndinati, "Nanga bwanji osandiuza nthawi yonseyi?"

"Za maliro sitiwerengerana pakamwa. Komanso unandipatsa mpata? Unkalankhula ngati wailesi."

Ndinawapempha kuti tibwerere limodzi. Anafunsa ngati kabati ija ilipo. Ndinati ilipo. Anati iwo ndi iyo nyumba imodzi ayi. Ndinati nanga za eni ake ndiziteteza bwanji, poti imfa siinathe m'mudzi muja? Anati, "Zimenezo ganiza wekha, si iwe unapita kusukulu?" Anandipatsa nkhwani ndi maungu aang'ono awiri, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Ngakhale atakwiya, munthu sangachoke pakhomo pawo chimanjamanja.

Nditafika kuno sindinapume. Ndinabwereka chomasulira kwa wokonza njinga n'kuchotsa zitseko zija ndekha. Mkamwini wanu anaima pakhomo n'kunena kuti, "Tsono takhomera, tatchingira, tachotsera. Kalipentala yekha ndiye wapindula." Zitsekozo tsopano ndi tebulo lopindirapo nsalu. Ndinachapa matabwa ndi madzi otentha, mphemvu n'kusamuka. Kutsogolo ndinapachika katani ya chitenje chakale, imatchinga mchenga koma mphepo imadutsa. Za loji zonse ndinakweza pa shelefu ya pamwamba penipeni, pomwe ine ndimafikapo nditakwera pampando, paja mng'ono wanu ndi wamfupi. Pa shelefu ya pansi ndinaikapo mbale ya sopo woduladula kale, wodula ine, kuti wopempha azipeza.

Ndiye ndinachitanso china. Ndinapita ku boma kukagula bafuta, nsalu yoyera yokwana munthu wamkulu. Ndinaichapa, ndinaisita, ndinaipinda n'kuiika pambali pa mbale ija. Mkamwini wanu anadzidzimuka, anati ndikuitana maliro m'nyumba. Ndinati maliro saitanidwa, chakudza sichiimba ng'oma, koma akadzabweranso asadzapite ndi ntchito yanga. Kenako ndinaimbira foni mayi woyandikana ndi amayi aang'ono ku Khombedza kuti awauze kuti zitseko zachoka.

Amayi aang'ono sanatumize yankho. Ndinkangoti kabaza akadutsa ndasuzumira, ndikudzitukwana kuti ndikusuzumira chiyani. Loweruka lapitali, ndikuyanika mathawulo, ndinangoona atsika, chikwama pamutu, nkhuku m'khwapa. Sanalowe m'nyumba, sanakhale pansi. Anandipatsa nkhuku n'kulunjika kukachipinda kochapira, ine pambuyo ngati mwana wa sukulu. Anakankha katani. Anayang'ana pamwamba pomwe pali za loji, anandiyang'ana ine.

"Wandiyeza msinkhu eti?"

"Ayi, Amayi, n'chifukwa cha mchenga."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Anatola kachidutswa ka sopo m'mbale muja, anakatembenuza, anati, "Timeneti n'tochapira chiyani, mpango wa mamina? Umbombo sunakuthere." Kenako anaona bafuta uja.

"Nanga iyi?"

"Ndi yoti mudzapatse munthu akadzasowa sanda, m'malo mwa za loji. Ili pofikira inu."

Anaitenga, anaifunyulula, anaisisita ndi chikhato. Anaigwira paphewa pawo n'kuisiya igwe mpaka kumapazi, anayang'ana pansi, anagwedeza mutu. Anaipindanso mmene ndinaipindira, n'kuibwezera pamalo pake.

"Iyi usadzapatse munthu," anatero. "Ndi yanga. Ya anthuwo ukagule ina. Ku Khombedza sindibwereranso, ndidzatulukira pakhomo pano."

Ndinawakalipira, Amayi. Ndinati asalankhule zopanda pake dzuwa likuswa mtengo, ndinati ndigule ina ndi chiyani, kodi ndatsegula sitolo ya bafuta? Iwo anali atayamba kale kusankha makala oika m'simbi. Ndinatuluka ngati ndikukaona mathawulo pachingwe, ndinabisa nkhope m'thawulo la eni ake lonyowa, n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Moyo wawo wonse sanamanepo munthu kanthu. Chinthu choyamba kuumira n'chimenechi.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti mwamusowa mng'ono wanu, koma musamuitane msanga. Muli ndi Abiti Juma, chezani ndi iwowo kaye, ndipo muwathokoze m'malo mwanga, poti ine ali moyo ndinkangowanenerera usipa. Kuno amayi aang'ono tikuwafunabe, ine ndi kamwana kotchedwa dzina lanuka.

Ine ndikulonjeza kuti kulira kwa loko sadzakumvanso m'nyumba mwanga, ngakhale andithere sopo yense. Nsalu yawoyo ndiziitulutsa padzuwa mvula ikakata kuti isachite chuku. Ndipo tsikulo likadzafika sadzadikira chitenje cha munthu wodutsa. Ndidzakhalapo, ndidzawafunditsa ndi manja anga, ndipo ndidzakutumizirani ali oyera.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale munandisiyira munthu wovuta.

Ndine mwana wanu,
Enelesi